Ma log a ma test anga mu pytest, mmene ndinawakonzera

Vuto linali loti mu project yathu ya Python file iliyonse ya test inali ndi logging.basicConfig() yakeyake pamwamba, koma ukayendetsa pytest (pulogalamu yoyendetsera ma test a Python) format ya ma log sikusintha, ma DEBUG osaoneka, zii. Nditafufuza ndinapeza kuti basicConfig siichita kalikonse ngati root logger (logger yaikulu ya pamwamba pa onse) ili kale ndi handler (chomwe chimatumiza ma log komwe akupita, monga pa screen kapena mu file), ndiye pytest imakhala itaika kale ma handler ake ikamatolera ma test, basi mizere yonse ija inkangodutsidwa.

Ena amati ingoikani force=True mu basicConfig, inabwera mu Python 3.8, koma ineyo sindinaikonde chifukwa imachotsa ma handler onse omwe alipo, mkati mwa test imachotsanso ya caplog, chomwe pytest imagwirira ma log kuti uwaone mu test.

Ndiye ndinafufuta zonsezo, mu conftest.py (file ya ma setting yomwe pytest imaiwerenga yokha) ya pa root ya project ndinalemba pytest_configure(config) mmenemo nkuitana logging.config.dictConfig kamodzi kokha, pytest_configure imayenda ma test asanayambe kutoleredwa. Apa chenjerani ndithu, mu dictConfig mo disable_existing_loggers muike False, mukaisiya imakhala True ndipo ma logger omwe apangidwa kale amangokhala chete osakuuzani nkomwe.

Kuti ndiziona ma log test ikuyenda ndinaonjezera log_cli = true ndi log_cli_level = DEBUG mu pytest.ini.