Momwe mungathandizire makolo kupindula ndi mapologalamu a zaulimi muli ku Joni

Ambirife kuno ku Joni timakumbukira za munda mu Novembala, foni ikalira kuti "mvula yagwatu, feteleza palibe". Timathamangira ku Mukuru, koma nthawiyo mitengo imakhala itakwera kale, mayina a opindula ndi thandizo la boma atalembedwanso kalekale. Zimenezi ndi zofunika kuziyamba mu Julayi kapena Ogasiti, kuno tikadali m'majekete.

Yambani ndi chiphaso cha unzika. Pologalamu ya boma ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP italowa m'malo mwa ina yotchedwa FISP mu 2020, makuponi apepala aja anatha, ndipo munthu anayamba kugula feteleza wotsika mtengo poonetsa chiphaso cha NRB, nthambi ya boma yolemba unzika. Auzeni amayi akujambulireni chawo pa WhatsApp, muone ngati sichinathe ntchito, chifukwa zambiri za kalembera wa 2017 zinatha. Ngati chinatha kapena chinatayika, atumizireni ya thiransipoti apite ku ofesi ya NRB kwa DC.

Kenako pezani nambala ya alangizi a zaulimi a dera lanu. Ofesi yawo imakhala ku EPA, likulu la zaulimi la deralo. Simungalembetse munthu muli ku Yeoville kapena ku Diepsloot, poti mayina amadutsa kwa amfumu, komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi alangizi. Chomwe mungathe ndi kuwaimbira mwaulemu, kufunsa tsiku lomwe adzaitane mayina, ndi kuonetsetsa kuti makolo asajombe. Ndipo musayerekeze kunena za "kangachepe". Dzina la munthu wa ku Joni likamveka, ena amayamba kunena kuti banjalo ndi lopata kale.

Dzina likatuluka, ndalama ya matumba awiri, NPK wokulitsa ndi Urea wobereketsa, olemera makilogalamu 50 lililonse, itumizeni pa Airtel Money kapena Mpamba kutatsala tsiku limodzi kapena awiri kuti apite ku depoti. Ikafika msanga imalowa ku maliro ndi kuchigayo. Muonjezerepo ya njinga yonyamulira ndi ya chakudya, chifukwa netiweki ikavuta anthu amaswera pamzere. Chaka china ine ndinachedwa sabata imodzi, ndikudikira kuti abwana andilipire. Venda wina anafika kwa amayi, anawapatsa ndalama zochepa n'kutenga chiphaso. Feteleza wake sitinamuone, ndipo chiphasocho chinabwerera patatha mwezi. Choncho auzeni mosabisa kuti chiphaso sichibwerekedwa.

Matumba awiri sakwanira munda wonse, ndipo si chaka chilichonse dzina limatuluka. Apa ndi pomwe manyowa a Mbeya amapulumutsa. Amatenga makilogalamu 10 a feteleza n'kusakaniza ndi madeya, phulusa, ndowe zouma zosinja ndi madzi pang'ono, kuti zingonyowa osati kuchita phala. Amathira m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati, kumanga zolimba kuti mpweya usalowe, n'kusunga pamthunzi masiku 21. Akamasula amayanika pamthunzi pomwepo. Mukatero thumba limodzi la feteleza limabala matumba asanu. Wa NPK asakanize payekha, wa Urea payekhanso. Miyeso ya zinazo afunse alangizi, poti ndowe za nkhuku, za nkhumba ndi za mbuzi mphamvu yake si imodzi. Inu mbali yanu ndi kugula madeya msanga, anthu oweta nkhumba asanawakweze mtengo.

Funsaninso za ntchito zoteteza nthaka zomwe makhonsolo amayendetsa, pomwe anthu amalandira ndalama akakumba maswale (ngalande zokolola madzi a mvula), kukonza akalozera, kubzala vetiva ndi mitengo. Ife a kum'mwera kwa Malawi tinaona zomwe namondwe Freddy anachita m'Malichi 2023 m'minda ya m'mapiri. Ngakhale dzina lawo lisalowe m'pologalamuyo, akalozera angathe kukonzedwa ndi aganyu awiri pa ndalama zomwe kuno timathera pa mataxi sabata imodzi. Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo, ndipo msangu ndi gilisidiya zimabwezera chonde m'nthaka. Mapesi asaotche, aphimbire nawo munda.

Pa gawo lililonse pemphani chithunzi: cha lisiti, cha matumba ali pakhonde, cha mizere. Mng'ono wanga anakwiya poyamba, akuti "achimwene, mukundiyesa wakuba?" Pano amatumiza yekha ndisanafunse, bola ndimugulire bandulo.