Kuzindikira bedi lakale la matabwa ndi kuliikira mtengo

Bedi lakale musaliweruze poona thabwa la kumutu limene likuwala vanishi. Chotsani matiresi ndi timatabwa togonekapo, mulitulutsire padzuwa, muligoneke chammbali. Zofunika kudziwa zili mkati mwa mitanda ya m'mbali, kunsi kwa miyendo ndi kuseri kwa thabwa la kumutu, kumene bulashi ya wopaka sinafike. Mukhale ndi tepi yoyezera, tochi, kampeni ndi kansalu konyowa.

Yambani ndi thabwalo, chifukwa ndalama zambiri zagona pamenepo. Palani pang'ono ndi kampeni mkati mwa mtanda, malo osaposa chikhadabo, kenaka munyowetsepo. Mlombwa umaonetsa mtundu wa uchi wopita kofiirira, wokhala ndi mizere yakuda yokhotakhota, ndipo nthawi zina m'mphepete mumatsala kachigawo koyera ka kunja kwa mtengo. Mbawa ndi yofiira mofanana paliponse, ndipo mukaitembenuzira kudzuwa mizere yake imasinthana kuwala. Mkungudza wa ku Mulanje umadziulula ndi fungo: ngakhale patapita zaka zambiri, mukangopala umanunkhira, ndipo ndi wopepuka kuposa mmene ukuonekera. Paini ali ndi mfundo zozungulira, ndipo mukadinikiza chikhadabo chimalowa. Wovuta ndi malaina. Thabwa lake ndi loyera, lopanda mfundo zambiri, ndipo limamwa utoto bwino, choncho amisiri ena amalidetsa n'kuligulitsa ngati mlombwa. Mukapala n'kupeza kuti pansi pa utoto m'moyera mbee, nkhani yathera pomwepo. Palani malo atatu kapena anayi, chifukwa mabedi ambiri ali ndi mlombwa kumutu ndi kumiyendo, koma mitanda ndi ya paini kapena bulugamu.

Zaka za bedi zimadziwika pophatikiza zizindikiro zingapo, chimodzi pachokha sichikwana. Yendetsani zala kuseri kwa thabwa: puleni yapamanja imasiya timafunde tosafanana, pamene makina amasiya timizere ting'onoting'ono todutsa thabwa motalikirana mofanana. Mabala a macheka apadzenje musawadalire kwambiri, poti kumidzi anthu akuchekabe choncho mpaka lero. Thabwa limodzi lotambalala masentimita 30 kapena kuposa, losalumikiza, ndi umboni wabwino, chifukwa mlombwa waukulu chotero ukusowa masiku ano. Masikuluwu a mzere umodzi, a dzimbiri limene ladetsa thabwa mozungulira, ndi akale; a sitala, makamaka akuda aja, alowa posachedwa, mwina pokonza. Matabwa opangidwa ndi utuchi woumba ndi guluu sapezeka pa bedi lakale ndithu. Mabedi ena a nthawi ya atsamunda ali ndi matabwa kumutu ndi kumiyendo kokha, mitanda ili yachitsulo yokolekera m'zingwinjiri za pangodya. Walitsani tochi pazitsulozo: mukhoza kupeza dzina la Vono, kampani ya ku Tipton ku England imene inkapanga mabedi ndi zitsulo zake.

Tsopano onani malumikizidwe. Bedi la mmisiri weniweni limakhala ndi lilime la mtanda lolowa m'bowo losemedwa m'mwendo, lomangidwa ndi bawuti yaitali kapena msomali wa thabwa. Lokhomedwa ndi misomali yokhayokha ndi lotsika, kaya likhale lakale motani. Liimikeni, mugwire kumutu, muligwedeze kutsogolo ndi kumbuyo. Likamasewera chifukwa mabawuti amasuka, imeneyo ndi ntchito ya sipanala. Koma mwendo ukang'aluka pabowo penipeni, kukonza kwake n'kuchotsa mwendo wonse, ndipo kupeza thabwa lofanana nalo mtundu ndi kovuta. Yezani kuchoka ngodya ina kufika ngodya yopingasa nayo, mbali zonse ziwiri. Miyezo ikasiyana kupitirira sentimita imodzi, bedi lapotoka.

Pomwepo yezaninso malo a matiresi. Bedi la munthu mmodzi ndi masentimita 91 m'lifupi, la filikota 107, la dabulo 137, ndipo m'litali matiresi a m'sitolo amakhala cha pa 188 mpaka 190. Mmisiri wakale ankatha kupanga bedi potengera msinkhu wa mwini wake, ndiye likafupika muyenera kudulitsa matiresi kapena kusintha mitanda, zimene zimatsitsa mtengo.

Chiswe chimadya mkati n'kusiya khungu la kunja lili bwinobwino. Gogodani miyendo ndi chogwirira cha kampeni kuyambira pansi. Podyeka pamalira ngati kang'oma. Tibowo ta milimita imodzi kapena iwiri ndi ta tizilombo tofumbwitsa matabwa, timene pa mlombwa timakonda kachigawo koyera kaja. Kuti mudziwe ngati tidakalimo, yalani pepala lakuda pansi pa bedi kwa sabata imodzi. Mukapezapo ufa watsopano, tilimo. Timadontho takuda m'ming'alu ndi ta nsikidzi: sitiononga thabwa, koma bedilo lisalowe m'nyumba musanalimasule n'kulipopera mankhwala.

Poika mtengo, pitani kwa akalipentala awiri kapena atatu ndi miyezo yanu, muwafunse kuti bedi latsopano la thabwa lomwelo, lokhuthala chimodzimodzi, angalipange pa ndalama zingati. Pamenepo ndiye poyambira. Chotsanipo ndalama zokonzetsera ndi zonyamulira. Bedi la paini kapena malaina limagwa pansi pa mtengo wa latsopano, ukale wake suwonjezera kanthu. La mlombwa kapena mbawa, lathunthu, la matabwa otambalala ndi zitsulo zake zoyambirira, likhoza kufanana ndi latsopano kapena kulipitirira. Mbiri yakuti linachokera ku mishoni kapena ku esiteti ya tiyi ku Thyolo muilipire pokhapokha pali lisiti, chidindo kapena chithunzi, osati mawu apakamwa okha. Ogulitsa asathamangire sandipepa ndi vanishi wonyezimira, chifukwa wogula wodziwa amafuna kuona mtundu umene thabwa ladzipatsa lokha. Kupukuta ndi kansalu ndi polishi pang'ono n'kokwanira.

Mkungudza uli ndi nkhani yakeyake. Ndi mtengo wa fuko la Malawi, mitengo yake ikuluikulu inatha pafupifupi yonse paphiri la Mulanje, ndipo mu 2019 unaikidwa pa mndandanda wachiwiri wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a pakati pa mayiko a nyama ndi zomera zimene zili pachiopsezo chotha. Bedi la mkungudza lisatuluke m'dziko, ngakhale kupita kwa mbale ku Johannesburg, musanafunse za chilolezo ku dipatimenti ya zankhalango.