Momwe mungasankhire kiyibodi ya arranger yoimbira pa maukwati ndi m'maphwando

Kiyibodi ya arranger ndi ija imaimba yokha ng'oma, bezi ndi gitala potsatira makodi (manotsi angapo odinidwa pamodzi) amene dzanja lamanzere lagwira. N'chifukwa chake munthu mmodzi amatha kusangalatsa holo yonse ngati pali bandi. Wogulitsa adzakuuzani za kuchuluka kwa mawu a zida amene ali m'katimo, koma pa ntchito yeniyeni mudzagwiritsa ochepa chabe. Chofunika kwambiri ndi changu: kuchoka pa nyimbo ina kupita pa ina anthu ovina asanabwerere pa mipando. Nazi njira zoyesera musanatulutse ndalama.

Choyamba, inyamuleni

Musanaiyatse n'komwe, ikwezeni m'manja. Yamaha PSR-SX900, imene inatuluka mu 2019, imalemera makilogalamu 11.5 ndipo ili ndi makiyi 61 komanso masipika ake. Yamaha Genos ya 2017 ili ndi makiyi 76, imalemera makilogalamu 13, koma ilibe masipika, choncho ngakhale pophunzira kunyumba mufunika sipika kapena mahedifoni. Ngati mumayenda pa minibasi kapena pa kabaza wa njinga yamoto, ya makiyi 61 ndiyo yanu. Makiyi 76 kapena 88 asiyireni amene ali ndi galimoto komanso amaimba piyano ndi manja onse awiri.

Chachiwiri, mvetserani masitayilo ndi khutu la kwathu

Apa ndi pamene ambiri amagwa. Makiyibodiwa amabwera ndi masitayilo mazanamazana, kutanthauza mayimbidwe okonzeratu a ng'oma, bezi ndi gitala aja, koma ochuluka ndi a pop, ballad, jazz ndi magule a ku Latin America. Mukapeza sitayilo yolembedwa kuti Rhumba musasangalale msanga. Imeneyo ndi rhumba yovinidwa pang'onopang'ono awiriawiri, si ya ku Congo ija gitala imalira mpaka anthu kuiwala nsapato. Reggae ndiye mudzaipeza yabwino pafupifupi paliponse. Koma manganje, sungura ndi makorasi a m'tchalitchi oyenda mu 6/8 kawirikawiri mudzachita kupanga nokha kapena kutenga kwa anzanu.

Ndiye yesani zinthu ziwiri. Tengani fulashi yokhala ndi masitayilo amene mumawadziwa, muilowetse, muone ngati akutseguka ndi kumveka bwino. Kenako tsegulani popangira masitayilo, pa Yamaha pamatchedwa Style Creator, muyese kusintha ng'oma ndi bezi. Ngati kuchotsa chida chimodzi kukukutengerani nthawi yaitali muli phee m'sitolo, pa siteji ndiye simungayerekeze.

Dziwaninso kuti sitayilo yopangidwira Yamaha siingolowa mu Korg popanda kuikonzanso. Ine ndimalangiza kuti muyambe mwafufuza mtundu umene oimba a m'dera lanu akugwiritsa ntchito. Ngati onse ali pa PSR, inu n'kugula Korg Pa1000, mudzakhala ndi chida chabwino kwambiri koma wopanda wobwereka naye masitayilo. Zimenezi sizikutanthauza kuti Korg ndi yoperewera, ayi. Ng'oma zake ambiri amati zimamveka ngati bandi yamoyo. Kungoti muyenera kukhala wokonzeka kudzipangira zanu.

Funsaninso za malo osungira mawu owonjezera. PSR-SX600 ili ndi 100MB, SX700 ili ndi 400MB, pomwe SX900 ili ndi 1GB. Ngati mukufuna kuikamo ng'oma zathu zojambulidwa, malo ochepa amadzadza msanga.

Chachitatu, sungani nyimbo zitatu ndi kuziitana

Nyimbo iliyonse ili ndi sitayilo yake, liwiro lake, kiyi yake ndi zida zake. Kiyibodi ya ntchito iyenera kusunga zonsezi pa batani limodzi. Yamaha imati Registration Memory, ndipo pa SX700 ndi SX900 pali mabatani 8 pa banki (gulu la zosungidwa) iliyonse, komanso Playlist yoyalira mabankiwo motsatana. Korg ili ndi SongBook, momwe mumalemba dzina la nyimbo n'kumaifufuza ngati nambala mu foni.

M'sitolo momwemo sungani nyimbo zitatu zosiyana: yolowera akwati, korasi yothamanga, ndi reggae. Yambani yoyamba, mulumphire kwachiwiri osaimitsa ng'oma. Mvetserani ngati mawu akudukiza, ndipo onani ngati mabatani ali pafupi ndi chala chanu. Sikirini yogwira ndi chala ndi yokongola, koma m'tenti ya masana dzuwa likawala simuona kanthu, ndipo chala cha thukuta chimaphonya. Zimene mumazigwira kawirikawiri zikhale pa mabatani enieni.

Chachinayi, yerekezani perekaniperekani

Palibe chimene chimayesa woimba kiyibodi ngati perekaniperekani. MC amaitana akuchikazi, nyimbo iyambe pomwepo. Asanathe kuponya ndalama, wakweza dzanja kuti imani, akufuna kuwerenga. Kenako akuti akuntchito kwa mkwati abwere, ndipo akufuna nyimbo ina. Apa mufunika Sync Start, kuti ng'oma ziyambe mukangogwira kodi, ndi Sync Stop, kuti zileke mukangochotsa dzanja. Mufunikanso Fade Out yotsitsira nyimbo mwaulemu pamene Ending, gawo lotsekera nyimbo, ingatalike n'kukwiyitsa MC.

Yesani magawo anayi a sitayilo, A mpaka D, pamodzi ndi Fill ndi Break, tizigawo tatifupi tolumikizira magawowo, mumve ngati nyimbo ikukwera moto bwinobwino. Musaiwale Tap Tempo. Amayi a kwaya akayamba okha nyimbo, inu mumangogogoda batani motsatira kuwomba m'manja kwawo, ng'oma n'kulowa pa liwiro lawo. Transpose, yokwezera kapena kutsitsira kiyi ya nyimbo, nayo ikhale ndi mabatani akeake, osati yobisika m'kati mwa menyu, chifukwa woyambitsa nyimbo pa chinkhoswe safunsa kiyi.

Chachisanu, yang'anani kumbuyo kwake

Ngati mumaimbanso ndi pakamwa, pakhale polowetsa maikolofoni. SX700 ili napo koma ilibe chokupangirani mawu othandizira. SX900 ili ndi Vocal Harmony, ndipo Pa1000 ili ndi TC-Helicon yogwira ntchito yomweyo. Zimathandiza mukakhala nokha, ngakhale mukazichulukitsa zimamveka zabodza.

Potulukira mawu pakhale mabowo awiri akuluakulu a L ndi R opita ku mikisa. Kulumikiza kudzera pa bowo la hedifoni kumatha kubweretsa phokoso. SX900 ilinso ndi mabowo awiri a Sub, otumizira bezi kapena ng'oma pa chanelo yakeyake kuti wa zokuzira mawu azisinthe payekha. Pomaliza onani polowetsa mapedulo, chifukwa phazi likhoza kumenya Fill manja onse ali otanganidwa.

Chachisanu ndi chimodzi, magetsi

Ku Malawi magetsi ndi 230V. Kiyibodi yochokera ku America ikhoza kubwera ndi adaputala ya 120V yokha, ndiye werengani zolembedwa pa adaputalayo musanailumikize. Ngati palembedwa 100–240V mulibe vuto. Maukwati ambiri amayendera jenereta, ndipo mphamvu yake imakwera ndi kutsika, choncho pa mtengo wa kiyibodi wonjezeranipo sitebilaiza kapena UPS (kabokosi ka batire kosunga magetsi) yaing'ono. Kiyibodiyo izimitseni n'kuiyatsanso, muwerenge nthawi imene ikutenga kuti idzuke. Nthawi imeneyo ndi imene holo idzakhale chete magetsi akaphethira. Zonse zimene mwasunga zikhalenso pa fulashi ina yosiya kunyumba.

Ngati mukugula yogwiritsidwapo kale

PSR-S770 ndi S970 za 2015, kapena S775 ndi S975 za 2018, zikugwirabe ntchito bwino m'manja mwa oimba ambiri, ndipo mtengo wake ndi wofikirika. Dinani kiyi iliyonse mofewa kenako mwamphamvu, chifukwa timphira ta pansi pa makiyi tikatha, kiyi ina imakuwa pomwe ina ili duu. Yesani batani lililonse, makamaka Start, Fill ndi a Registration, amene amatha msanga. Gwedezani pang'ono waya wa adaputala polowera, muone ngati siikuzima. Ikanimo fulashi yanu, musungemo kanthu, muizimitse, muyatsenso, muone ngati chilipo. Mwini wake akakana kuti muyese zonsezi, bwezani ndalama m'thumba mukaone ina.