Momwe mungaphere udzu pogwiritsa ntchito viniga wa kukhitchini

Viniga wamba amakhala ndi asidi wokwana 5 peresenti. Asidiyu akagwera pa tsamba amaliwononga, madzi a m'kati n'kutuluka, tsambalo n'kuuma. Koma mphamvu yake imathera pomwepo, safika kumizu. N'chifukwa chake amagwira bwino pa udzu wanthete, wa masamba awiri mpaka anayi, makamaka wa masamba otambalala ngati chisoso. Dawe ndi kapinga zimangopserera pamwamba kenako n'kuphukanso kuchokera pansi. Zimenezo zimafuna khasu basi.

Thirani lita imodzi ya viniga woyera m'botolo lopopera lapulasitiki. Musamusungunule ndi madzi, ndi wofooka kale. Onjezerani sipuni yaing'ono imodzi ya sopo wamadzi wotsukira mbale, n'kukhutchumula pang'ono. Sopoyo ndi amene amathandiza viniga kumata pa tsamba; popanda iye madontho amangogubuduka n'kugwera m'dothi.

Tsiku lopopera lisankheni bwino: dzuwa likhale likuswa mtengo, mame atakamuka, kopanda mphepo, komanso mvula isakhale pafupi kwa maola 24. Poperani pafupi, tsamba lililonse linyowe koma osachita kuyenderera. Viniga sasankha, amawotcha chomera chilichonse chimene wachikhudza, choncho ngati udzu wamera pafupi ndi mbewu kapena maluwa, tchingirani ndi katoni. Ngati ndi kaudzu kamodzi kokha, kupaka ndi burashi kumaposa kupopera.

Pakangopita maola ochepa masamba amafota, mawa lake amakhala atauma. Udzuwo ukaphukanso, bwerezani pakatha sabata.

Ambiri amalangiza kuthiramo mchere. Pamalo pamene mukufuna kudzadzala, musayerekeze. Viniga amasungunuka m'dothi m'masiku ochepa, koma mchere umakhalitsa, mbewu n'kumalephera kumwa madzi, ndipo mvula imaukokolola kupita kumizu ya zomera zina. Ngakhale m'ming'alu ya njira zoyendamo, phindu lake ndi lochepa poyerekeza ndi chiwonongeko chake.

Pali viniga wina wa 20 peresenti wopangidwira kupha udzu. Ameneyo amawotcha khungu ndipo atha kuwononga maso, choncho amafuna magolovesi ndi magalasi otchinga. Viniga wamtundu uliwonse musamusakanize ndi mankhwala oyeretsera a klorini, chifukwa zimatulutsa mpweya wapoizoni.

Mukamaliza, tsukani chopoperacho ndi madzi ambiri n'kupopa madzi oyera kangapo, apo ayi asidi wotsalira adya timphira ndi tizitsulo ta m'kati mwake.