Mmene mungasamalire maselo anu mukatsekeredwa miyezi yambiri mumlengalenga

Choyamba, musapusitsidwe kuti poti mukungoyandama ndiye thupi likupuma, ayi. Pa ISS, siteshoni ya mumlengalenga imene anthu amakhalamo, mafupa amatha pafupifupi 1% mwezi uliwonse chifukwa sakunyamula kanthu, ndiye masewera olimbitsa thupi ndi tsiku ndi tsiku, maola awiri, kuthamanga pa makina mutadzimangirira malamba, kupalasa njinga komanso kukankha zolemera.

Koma ine chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi tulo. Siteshoniyi imazungulira dziko mphindi 90 zilizonse, dzuwa limatuluka ka 16 patsiku, wotchi ya m'maselo imasokonekeratu. Ndiye ikani nthawi imodzi yogona ndi yodzuka, chepetsani magetsi madzulo, phimbani maso. Mu Mars500, kafukufuku woyerekeza ulendo wopita ku Mars amene anachitikira ku Moscow, amuna 6 anatsekeredwa masiku 520 ali pansi pompano, ambiri tulo tinasokonekera komanso ankangokhala osayendayenda, kusonyeza kuti kutsekeredwa pakokha kumavulaza.

Nkhawa musaibise. Imakweza cortisol, homoni imene thupi limatulutsa mukapanikizika, chitetezo cha mthupi chimafooka, ndiye mavairasi amene anagona kalekale, ngati aja oyambitsa mashingozi, amadzuka. Imbirani abale, idyani limodzi ndi anzanu olo mutatopetsana, lankhulani ndi dokotala wa maganizo.

Vitamini D imwani, dzuwa simukuwothera.

Magazi perekani nthawi zonse akawayeze, olo mutabwerera. Scott Kelly, woyenda mumlengalenga wa ku America, atakhala masiku 340 kumwambako, ma telomere ake, timapeto ta DNA tija, anatalika, koma atangotera anafupika msangamsanga, ndiye kuyezetsa kusathere pa tsiku lofika.