Musanathe bandulo pa gemu ya roguelike, onani ichi

Anzanga a ku Chipata amene mumasewera pa foni malaiti akapita, musanatsitse gemu ya roguelike (mtundu wa gemu imene ukafa umayambiranso pachiyambi), fufuzani chinthu chimodzi: ukafa, chimatsala n'chiyani?

Ngati ndalama kapena mphamvu zimatsala, gemuyo idzakubwezani kambirimbiri. Mu gemu ya Hades mumatolera Darkness, imene ili ngati ndalama za m'gemumo, n'kukagula mphamvu zosatha pa galasi lotchedwa Mirror of Night, ndiye kufa koyambirira kuli m'dongosolo lake. Musadandaule nako.

Koma Shattered Pixel Dungeon, yaulere pa Android ndipo siifuna intaneti, ndi ina. Ukafa, zida zonse zapita, monga zinalili mu gemu yakale ya Rogue ya 1980. Kuzungulira pamalo amodzi n'kutaya batire chabe: njala imakupha, ndipo ukakwera levelo adani ofooka saperekanso XP (mapointi okwerera levelo). Apa chofunika ndi mutu. Adani sasuntha mpaka inu mutasuntha, choncho zikavuta chotsani chala, onani zimene zili m'chikwama. Menyerani pakhomo kuti abwere mmodzimmodzi. Mankhwala ochiza sungirani nkhondo yolimbana ndi Goo, mdani wamkulu wa pa floor 5, koma osafa nawo m'thumba, pakuti ambiri amatero.

Mukafa, musathamangire kuyambanso musanadziwe chimene chakuphani.