Giya ikamasochera pa Kombi yakale, yambani mwaona mabushi

Tsiku limene ndinavomereza kuti Kombi yanga ikudwala ndinkatsika mapiri a Thabwa kuchokera ku Blantyre, kumbuyo kuli matumba asanu a simenti, pambali panga pali apongozi anga aakazi. Amene mumaudziwa msewu umenewu mukudziwa kuti sautsika ndi mabuleki okha, pamafunika giya yachiwiri kuti injini izigwira galimoto. Ndinaponda kalachi n'kukoka ndodo ya giya, koma ndodoyo inkangozungulira ngati mthiko mumphika wa phala. Kufuna 2 ndikupeza 4, kuyesanso ndikumva kukukuta kwa mano. Apongozi, omwe ulendo wonsewo anali chete kuyang'ana kuwindo, anangofunsa chapansipansi kuti, "Apongozi, kodi ku Nchalo tikafika lero?"

Tinafika, mabuleki akununkha. Mawa lake makaniko wina, osagwada n'komwe kuti asuzumire pansi, anagwedeza ndodo ija kawiri n'kuweruza kuti, "Giyabokisi yatha iyi bwana, tiyitsitse basi." Mtengo umene anatchula unali wa ng'ombe yaikazi ya ku Ngabu. Anandipulumutsa ndi mdala wina wa kumpingo kwathu amene anapuma ntchito yokonza mathirakitala m'minda ya nzimbe. Iwo anayala thumba pansi, kulowa chagada, n'kuuza mwana wanga kuti azigwedeza ndodo ya giya. Kenako anandiitana: "Achimwene, tabwerani mudzaone nokha giyabokisi yanu yakufayo." Chimene chinafa chinali kalabala kosaposa chala chachikulu.

Galimoto yanga ndi Volkswagen Kombi ya 1972, imene malume anga anabwera nayo kuchokera ku Joni. Mtundu umenewu ku Germany anaupanga kuyambira 1967 mpaka 1979, ku Brazil anapitiriza mpaka 2013, ndipo zina za chiwongolero chakumanja zinamangidwa ku Uitenhage, ku South Africa. Kuti mumvetse vuto lake, kumbukirani mamangidwe ake. Woyendetsa amakhala kutsogolo kwenikweni, pamwamba pa matayala, koma injini ndi giyabokisi zili kumbuyo. Ndiye mukagwira ndodo ya giya simukugwira giyabokisi ayi, mukungotuma uthenga. Wonyamula uthengawo ndi rodi yachitsulo yoyenda kunsi kwa galimoto, ndipo ili m'zigawo ziwiri: yaifupi yakutsogolo, ndi yaitali imene imadutsa mkati mwa paipi mpaka kukafika pamphuno pa giyabokisi. Rodiyi imachita zinthu ziwiri zokha, kupita kutsogolo ndi kumbuyo, komanso kupotoloka pang'ono. Kupotolokako ndiko kumasankha ngati mukufuna mzere wa 1 ndi 2, wa 3 ndi 4, kapena rivesi. Mabushi, tizidutswa ta labala kapena pulasitiki toikidwa pamene rodi imakhudzana ndi zitsulo zina, ndi amene amaigwira kuti isatayetaye. Akadyeka, dzanja lanu limayenda mtunda wautali koma ku giyabokisi kumafika theka la uthenga.

Kuno kuchigwa cha Shire mabushi sakhalitsa. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kumaumitsa labala ndi pulasitiki, fumbi likasakanizana ndi girizi limasanduka sandipepa, ndiye pali madzi osefukira. Yanga inamira mpaka m'zitseko mu Januwale 2022, nthawi ya namondwe Ana, ndipo matope amene ndinachotsa kunsi kwake mukanadzalamo mbatata.

Musanagule kalikonse tsimikizani kuti vuto ndi mabushidi. Zimitsani injini, yesani magiya onse. Ngati akulowa bwinobwino injini ili chete koma akukukuta ikalira, nkhani ndi ya kalachi, mwina kebulo yake yatamuka, ndipo mabushi alibe mlandu. Ngati giya imalowa koma n'kudzitulukira yokha mukaponda mafuta kapena mukagunda bampu, onaninso labala amene wanyamula giyabokisi kutsogolo kwake, chifukwa akang'ambika giyabokisi yonse imasuntha n'kukoka rodi. Koma ngati ndodo ikungoti lendelende mbali zonse ngakhale ili mu giya, ndipo 1 ndi 2 mumachita kusaka, chitani zimene anachita mdala uja. Mnzanu agwedeze ndodo, inu muli pansi ndi tochi. Mukaona rodi ikuyenda koma kachitsulo kotuluka m'giyabokisi kali phee, kapena rodi yakutsogolo ikugogoda m'bowo lake, mwampeza wakuba.

Malo a mabushi ndi atatu. Pali yakutsogolo, pafupi ndi tsinde la ndodo ya giya. Pali awiri apulasitiki ovekedwa pa rodi yaitali mkati mwa paipi. Ndiye pali kapulingi yakumbuyo, kakhola kachitsulo kokhala ndi timalabala tiwiri, kolumikiza rodi ndi giyabokisi. Yakutsogolo ndi kapulingi mutha kusintha nokha pakhomo panu m'mawa umodzi, ndipo nthawi zambiri ndi zimenezi zimabweza giya m'malo mwake. Za awiri am'paipi ndinena kumapeto.

Kupeza zipangizo ndiye ntchito yaikulu kuposa kuziika. Ku Nchalo, Ngabu kapena Bangula musadzivute, ogulitsa amadziwa za Toyota ndi njinga zamoto. Ine ndinayendayenda ku Limbe osapeza, mpaka ndinatuma mlamu wanga amene amapita ku Johannesburg kukaoda katundu. Mukamatuma munthu, mupatseni chaka cha galimoto ndi chithunzi cha bushi yakale, chifukwa yakutsogolo si imodzi pa Kombi zonse. Pa yanga ndi mkombero wapulasitiki umene rodi imadutsamo, pamene pa zina za zaka zotsatira mapangidwe ake ndi ena. Timalabala ta kapulingi timapezeka ta labala wamba ndi ta urethane, tolimbirapo. Ine ndinasankha ta urethane chifukwa satupa msanga ndi oyilo. Ena amadula tayala lakale n'kusema timalabala tawo. Sindikunyoza, inenso ndinachitapo zimenezo pa Sorgin ndi mpeni wosendera nzimbe ndipo ndinafika kunyumba, koma ndi chokufikitsani kunyumba basi, osati choyenda nacho chaka.

Konzani sipanala ya 13, ya 8, shifitingi yaing'ono, pulayazi, sikuludiraiva, sandipepa wosalala, girizi, palafini, nsanza, ndi waya wofewa koma wolimba. Madzulo a dzulo lake thirani mafuta omasulira dzimbiri pa mabawuti onse amene mudzagwire, agone akumwa.

Yambani 5 koloko m'mawa. Ikamakwana 10 pansi pa galimoto pamakhala ngati mu uvuni ngakhale muli pamthunzi wa nimu. Imikani pamalo athyathyathya, kokani handibuleki, ikani njerwa kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala, chifukwa galimoto ikhala mu nyutirali ntchito yonseyi. Kombi ndi yaitali miyendo, munthu wochepa thupi amalowa osaikweza. Ngati mimba yanu ikufuna jeki ngati yanga, musalowe pansi itangokhala pa jekiyo. Dothi lathu ndi lamchenga, jeki imatitimira mosachenjeza. Yalani thabwa lochindikala, ikani masitandi kapena zipika zolimba, igwedezeni kaye ndi manja awiri. Ndipo menyani pansipo ndi kamtengo musanagone, zinkhanira nazonso zimakonda mthunzi.

Ntchito imayambira mkati. Chotsani mphasa ya pansi, muona tsinde la ndodo ya giya litamangidwa ndi mabawuti awiri a 13. Musanawakhudze, tengani msomali mulembe mzere kuzungulira tsindelo. Mzere umenewu ukupulumutsani ola lathunthu pobwezera. Pomasula, kanikizani tsinde ndi dzanja limodzi popeza pansi pake pali sipuling'i. Mukakweza ndodo mupeza sipuling'iyo ndi kapuleti kachitsulo kopindika m'mphepete. Kapuletiko ndi kamene kamaletsa rivesi kulowa pokhapokha mutakanikizira ndodo pansi. Kajambuleni ndi foni kali pomwepo, kalembeninso mzere wake. Ine ulendo woyamba ndinakabwezera chozondoka, ndipo pofuna 2 kutsogolo kwa msika ndinatsala pang'ono kubwerera m'mbuyo pa wa kabaza.

Tsopano lowani pansi kutsogolo. Ngati chitsulo chophimba kunsi chikadalipo, chimasuleni. Tsatirani rodi yaifupi mpaka pamene yakumana ndi yaitali, mupeza cholumikizira chokhala ndi bawuti ya mutu wa makona anayi, yomangidwa ndi waya. Dulani wayayo, masulani bawuti ndi sipanala ya 8 kapena shifitingi yothina bwino. Apa ndi pamene pamafunika mtima. Zitsulo ziwirizi zimakhala zitagwirana zaka makumi, ndipo mkwiyo umakuuzani kuti tengani hamala yaikulu. Musatero pamene kumbuyo kukadali kolumikiza, chifukwa nkhonya iliyonse ikutsikira mpaka mkati mwa giyabokisi, n'kupinda zimene zinali zabwinobwino. Zikakana, pitani kaye kumbuyo mukamasule kapulingi, kenako mubwere muzigogoda pang'onopang'ono m'mbali mwa cholumikizira, mukuthira mafuta ndi kupotokola. Yanga inanditengera nthawi yokwanira kuphika nyemba.

Rodi yaifupi ikatuluka, itsukeni ndi palafini, palani ndi sandipepa pamene bushi imakhudza mpaka pasalale. Rodi yadzimbiri imadya bushi yatsopano m'miyezi yochepa. Chotsani zotsalira za bushi yakale m'bowo lake, ngati zilipo n'komwe. Kwa ine ndinangopeza kachidutswa ngati chikhadabo. Yatsopanoyo ikakhala youma, iviikeni m'madzi otentha kwa mphindi zingapo, imafewa n'kulowa ndi zala popanda kuithyola ndi sikuludiraiva. Pakani girizi pang'ono. Wambiri amangoitana fumbi.

Musabwezere kaye rodiyo. Pitani kumbuyo, kutsogolo kwa giyabokisi, pamene pali kapulingi. Poti kutsogolo n'komasula, rodi yaitali imatha kusendera ndipo manja amapeza malo. Apanso pali bawuti ya makona anayi ndi waya wake, yogwira kapulingi ku kachitsulo kotuluka m'giyabokisi. Palinso sikuluwu yopingasa imene imadutsa m'timalabala tiwiri tija ndi m'bowo la rodi. Gwirani mbali imodzi ndi pulayazi, masulani inayo. Kankhirani rodi kutsogolo, solorani kapulingi. Muli pomwepo yang'anani ngati pamphuno pa giyabokisi pakudontha oyilo. Ngati pakudontha, silo yake, kalabala kotsekera oyilo, yatha, ndipo oyiloyo ndi amene amafewetsa labala mpaka kukhala ngati nsima ya dzulo. Mukapanda kuthana nazo mudzabweranso pansi pano.

Ikani timalabala tatsopano m'kakhola monga munapezera takale, bwezerani zonse. Chimene ambiri amaphonya n'chakuti bawuti ya makona anayi ili ndi nsonga, ndipo pa kachitsulo ka giyabokisi pali kadzenje koyembekezera nsongayo. Mangani ndi zala mukugwedeza kapulingi mpaka mumve kuti yakhala m'kadzenjemo, ndiye limbitsani ndi sipanala. Ikaluma pambali, lero izioneka yolimba koma pofika ku Tengani yamasuka. Mukatero lowetsani waya m'kabowo ka pamutu pa bawuti, zungulizani pa kapulingi, potani ndi pulayazi mokokera kumene bawuti imamangira. Chitani chimodzimodzi pa cholumikizira chakutsogolo mukabwezera rodi yaifupi. Wayayu si wokongoletsa. Bawuti imeneyi ikagwa panjira mutsala ndi giya imodzi imene munalimo.

Bwererani mkati. Pakani girizi pa kampira ka kunsi kwa ndodo ndi m'kachikho ka rodi momwe kamakhala. Ikani kapuleti, sipuling'i, ndodo, zonse pa mizere yanu ija, mabawuti osalimbitsa kwenikweni. Yesani magiya injini ili yozima: 1, 2, 3, 4, kenako kanikizani pansi, kumanzere, n'kukokera kumbuyo kuti mupeze rivesi. Poti mzere uja munaulemba mabushi ali akutha, mwina pafunika kusuntha pang'ono. Ngati 1 ndi 2 akuvuta, kapena rivesi ikulowa musanakanikize, sunthani kapuleti kapena tsinde m'mbali kamtunda kochepa ngati kunenepa kwa ndodo ya machesi, mangani, yesaninso. Musasunthe ziwiri nthawi imodzi, simudziwa chimene chathandiza. Osachoka pakhomo mpaka mutatsimikiza kuti kukoka kuchokera 3 kupita 2 sikungakugwetseni mu rivesi.

Ndinalonjeza za mabushi awiri am'paipi. Rodi yaitali imatulukira kumbuyo, ndipo giyabokisi imatseka njira yake, choncho kuti muwafikire muyenera kutsitsa injini ndi giyabokisi. Ine sindilangiza munthu kutsitsa zonsezo chifukwa cha timapulasitiki tiwiri, pokhapokha rodi ikuchita phokoso losapiririka m'paipimo. Agulireni limodzi ndi enawo, muwasunge m'chitini kutali ndi dzuwa, ndipo tsiku limene injini idzatsike chifukwa cha kalachi, onjezerani ntchito pang'ono mutsitsenso giyabokisi. Pamenepo solorani rodi, kokani nsanza yonyowa palafini m'paipimo ndi waya wautali mpaka ituluke yoyera, vekani mabushi, pakani girizi, ndipo musaiwale timalabala totseka kukamwa kwa paipi mbali zonse ziwiri, popeza ndi timene timaletsa madzi ndi matope kulowa. Anga ndinawasintha patapita miyezi isanu ndi itatu, ndipo m'paipimo munatuluka mchenga wa Shire wodzaza kapu.